Amalume awayesa akuba chifukwa cha foni imodzi

Mwaswera bwanji nonse.

Pulogalamu yanga ya pafoni ija, yochenjeza asodzi za Mwera, yawatsekera kunja a ku Chia m'mawa uno, chonsecho mphepo ikubwera mawa. Ndinalembera kampani yakunja imene imandisungira pulogalamuyo. Akuti makina awo aona anthu ambiri akulowera pa foni imodzi, ndiye awayesa akuba.

Akuba ati? Kwathu kuno foni imakhala ya bwato lonse. Ndinakwera kabaza, n'kukajambula amalume anga a Saidi ndi asodzi anzawo ataunjikana pa kafoni kawo kokulunga m'jumbo, n'kutumiza. Akampani aja atsegula, n'kupepesanso.

Chenjezo lafika, mawa palibe wolowa m'madzi. Koma akampaniwo akupempha kuika chithunzicho pa tsamba lawo la pa intaneti, pamene amalume ali chimimba pamtunda, opanda malaya. Tiwalole?