Amayi Anga Pakhoma la Chiponde

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, a Saidi, ndimamva fungo la penti ndi palafini, fungo limene linakakamira m'malaya mwawo, m'ndevu mwawo, ngakhale pamkeka umene ankapempherapo. Anali olemba zikwangwani pa Dwangwa. M'mawa, utsi wa nzimbe zowotchedwa usanabalalike pamwamba pa minda, ankamangirira makwerero panjinga n'kuyamba kuikankha, zitini zikugundana kumbuyo ngati ng'ombe za mabelu, moti amayi otsuka mbale ankadziwa osatembenuka kuti a Saidi akudutsa.

Ntchito imene ankainyadira inali pakhoma la golosale ya a Mhone, loyang'ana kumsewu waukulu. Kampani ina ya kutauni itayamba kugulitsa chiponde cha m'mabotolo, anthu kwathu anaseka mpaka misozi. Ndani angagule chinthu chimene mayi aliyense amakazinga ndi kusinja yekha? Ndiye kampaniyo inafuna chithunzi chokopa anthu. Inapatsa agogo kakhadi kosonyeza mayi wakutauni, wa tsitsi lowongola, akupaka chiponde pabuledi, kuti akopere pakhomapo.

Agogo anakopera botolo, buledi ndi mpeni. Nkhope sanakopere. Anajambula mwana wawo Mwanaisha, amayi anga, amene anamwalira ine ndisanayambe kuyenda. Kunyumba kunalibe chithunzi chawo ngakhale chimodzi, choncho amayi ndinawadziwira pakhoma lija: duku lobiriwira, kampata pakati pa mano, maso oyang'ana chammbali pang'ono ngati akumvetsera mwana akulira m'nyumba. Ndikamapita kusukulu agogo ankandiseka monga amachitira agogo ndi zidzukulu zawo.

"Mkazi wanga, usadutse ngati mlendo. Uwapatse moni amayi ako."

Pachithunzipo, mpeni uja agogo anawagwiritsa amayi kudzanja lamanzere, ndipo izi zinkawavuta anthu. Odula nzimbe akakhala pakhonde la golosale sankalephera kuwaputa.

"A Saidi, mwasokoneza manja! Chakudya n'kugwira ndi manzere?"

"Khoma ndi la a Mhone, penti ndi wa kampani," agogo ankayankha osatsika pamakwerero, "koma dzanjalo ndikulidziwa ndine."

Chimene chinkasintha pakhomapo ndi mawu. Poyamba panalembedwa kuti "Chiponde cha mabwana", anthu n'kuti basi tiwasiyire mabwanawo, mabotolo n'kumangochita fumbi pashelefu. Kenaka panabwera "Mwana wanu akule ndi mphamvu", apo ndiye amayi anayamba kugula, makamaka amuna awo akalandira. Pambuyo pake kunadza kanyimbo ka pawayilesi kamene tinkaimba mpaka aphunzitsi kutiletsa, ndi galimoto ya zimkuzamawu imene inkaima pamsika, kuvinitsa ana n'kumagawa tizidutswa ta buledi topakapaka. Mawu akasintha, agogo ankafufuta akale n'kulemba atsopano, ndipo ndi penti wotsala ankadzutsa masaya ndi duku la amayi pamene dzuwa lawaulitsa. Koma chipondecho sanachilawepo. Ankati mtedza umene sunamve musi si chiponde, ndi girisi wa njinga.

Ndili Sitandade 5, kunafika mnyamata wa kampani, waulemu wake ndithu, atakulunga chinsalu cha pulasitiki chosindikizidwa kale, chokhala ndi kamnyamata kokankha mpira. Anati zojambula pamanja zatha. Khoma liyeretsedwe, akhomepo chinsalucho. Ndipo woyeretsa khoma pa Dwangwa akanakhala ndani? A Mhone anabwera okha kunyumba, chipewa chili m'manja.

"Pepani chomene, a Saidi. Ine ndilibe mawu, mabotolo ndi awo."

"Palibe kanthu," anatero agogo. "Ndibwera mawa."

Mtima wanga unawawa kwambiri. Ndinawayang'ana agogo ngati munthu amene sindimudziwa.

"Agogo, mukukafufuta amayi? Inuyo?"

Mawa lake anatenga chitini cha penti woyera wamafuta chimene kampani inasiya, natenganso ndowa ya laimu, uja timapaka nyumba chikondwerero chikayandikira. Ndi mkwiyo wanga sindinafunse kuti zonse ziwirizo n'zachiyani. Ndinawatsatira chapatali n'kukhala pansi pa mtengo wa mango, ndikuona mawu akuzimiririka, kenaka botolo, kenaka buledi. Atatsala amayi okha pakati pa khoma loyera, agogo anatsika, nasintha bulashi, n'kundikodola.

"Asiyatu, bwera. Yang'anitsitsa."

Ndinayang'ana mpaka maso anadzaza misozi. Iwo anaviika bulashi m'ndowa, nayamba ndi duku, pang'onopang'ono ngati akusambitsa wodwala. Madzulo chinsalu chinali chitakhomedwa kale. Ndinakhala nthawi yaitali osawalankhula, ndipo popita kusukulu ndinkazungulira kuseri kwa msika.

Chinsalucho sichinakhalitse. Mwera unaching'amba m'mphepete, dzuwa la chilimwe linachiwaula, a Mhone n'kuchichotsa kukafunditsa matumba a makala. Kenaka mvula inayamba, ija yowomba khoma chammbali. Tsiku lina m'mawa njira ya kuseri itadzaza matope, ndinadzera kumsewu, ndipo pakhoma loyera lija panali maso awiri akuyang'ana chammbali. Duku linkaoneka ngati lili mu nkhungu, kampata ka mano kanalipo, dzanja lamanzere lili ndi mpeni wake. Botolo ndi mawu a kampani zinali zitakwiririka ndi penti wamafuta, koma pa amayi, laimu anali akutsika ndi madzi.

Ndinathamangira kunyumba, sukulu n'kuiwala. Ndinawapeza agogo pakhonde akutsuka mabulashi m'palafini.

"Agogo! Amayi abwerera!"

Sanadzutse n'komwe mutu.

"Laimu salimba ndi mvula, mkazi wanga. Unkaganiza kuti ndingakwirire mwana wanga kawiri?"

Amayi anakhala pakhomapo zaka zina zingapo, osagulitsa kanthu. Agogo anatisiya kalekale, golosale ija inagulidwa ndi anthu ena, ndipo khomalo lero lili ndi penti wokhuthala wotsatsa mafoni. Chiponde chija tsopano amachitsatsa pafoni pomwepo, ndi nkhope za anthu amene palibe akuwadziwa. Ine ndimachigulabe, ngakhale ndimagwirizana ndi agogo kuti cha mumtondo ndiye chiponde. M'mawa ndikamapakira ana buledi, mwana wanga wamkazi amandiseka kuti, "Amayi, chakudya n'kugwira ndi manzere?" Ndimangomupatsa buledi wake. Dzanjalo ndikulidziwa ndine.