Zala Ziwiri Panthiti

Shopu ya a Kolasi ili kuseri kwa sitolo ya zitsulo, kachipinda koti ukatambasula manja ukhudza makoma onse awiri. Muli makina osokera opondera, tebulo lodulirapo nsalu, ndi kalilole wong'aluka amene makasitomala amadzionerapo theka lokha. Dzina loti Kolasi analitengera kubandi. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi akhala akuima kumbuyo, pafupi ndi wang'oma, kuyankha kolasi mkulu wawo akuimba patsogolo. Ngakhale anthu odzafupikitsa mathalauza amawaitana choncho, ena osadziwa n'komwe kuti mayiwa amaimba.

Bandiyo ndi ya alamu awo, amuna a mkulu wawoyo, bambo wa kiyibodi amene amayankhula pang'ono koma salola munthu kuchedwa poyeserera. Kumaiko ena woimba wa kumbuyo amalembedwa dzina pachikuto cha chimbale. Kuno amangothokozedwa pamodzi ndi amene ananyamula masipika. A Kolasi sankadandaula. Ankati patsogolo pali magazi awo omwe, ndiye akawombera m'manja mkulu wawo, nawonso awawombera.

Zovala zonse za bandi amasoka ndi iwo, ndipo ali ndi lamulo limene atelala ena salidziwa. Diresi la woimba silisokedwa ngati la mkwatibwi. Panthiti umasiya malo olowa zala ziwiri, chifukwa mawu aatali amachokera pansi, ndipo nthiti zimafuna potambasukira. Ukathinitsa pamenepo, munthu aoneka bwino pachithunzi koma nyimbo imuthera panjira.

Chaka chatha mmero wa mkulu wawo unayamba kuvuta, mpaka adokotala anati asiye kuimba. A Kolasi analira nawo, kulira kwenikweni. Koma pobwerera kunyumba anadzipeza atapatukira kogulitsa nsalu n'kugula mamita anayi a nsalu yobiriwira yonyezimira. Sanauze munthu. Anaipinda n'kuiika pansi pa mayunifolomu a ana asukulu.

Patapita milungu iwiri, alamu awo anabwera koyeserera ndi mtsikana wa ku saluni. Anati anamumva akuimba akuluka tsitsi la mwana wawo. Mtsikanayo nyimbo anaphunzirira pafoni, sanaimepo m'kwaya, ndipo maiki ankaigwira ngati akudya chimanga. Wang'oma, amene pakamwa pake sipatsekeka, anawanong'oneza a Kolasi kuti akamaliza kuimba apite nawonso akaluke tsitsi ku saluni, mwina alamu awo angawamve. A Kolasi anaseka ndi mano okha.

Vuto linali lakuti mtsikanayo ankadziwa kuimba. Akanakhala wosokosera chabe, a Kolasi akanagona tulo. Koma mawu ake ankakwera ngati sakulemera, ndipo anali waulemu. Ankawatchula kuti Anti, ankawanyamulira chikwama, ankawafunsa poyambira vesi lachiwiri. Ulemu umenewo ndi umene unkawawawa kwambiri, chifukwa unkawasowetsa pomudera.

Kenaka alamu awo analengeza kuti Loweruka masana bandi iimba kuholo, ndipo kubwera bambo wa situdiyo amene akufuna kujambula nyimbo ya kalata. Imeneyi ndi nyimbo ya mkulu wawo, ya mkazi wodikira yankho la kalata yake, ndipo kumapeto kwake kuli mawu amodzi aatali oti uwakoke mpaka anthu ayambe kuyang'anana. A Kolasi anadikira ena atuluke, n'kufunsa alamu awo kuti nanga ayiimba ndani.

"Ayesa mwanayu. Akaikwanitsa, maiki ya patsogolo ndi yake. Akalephera, tikhala pansi, mlamu," anatero akutseka kiyibodi. "Mumusokere diresi. Pezani nsalu yooneka bwino."

Nsalu yooneka bwino inalipo kale. Lachiwiri mtsikanayo atabwera kudzayezedwa, anaiona ikusuzumira pansi pa mayunifolomu, n'kuikoka, n'kudziphimba nayo patsogolo pa kalilole. Anati ndi yomweyo, ngati Anti analota. A Kolasi anatenga tepi yoyezera n'kuyamba ndi mapewa. Mtsikanayo ankang'ung'udza nyimbo ya kalata uku akuwaonetsa pafoni madiresi a oimba akunja.

"Anti, likhale logwira thupi ngati ili. Lisakhale lotaya ngati la kumapemphero."

Tepi inali itafika panthiti. Zala ziwiri za a Kolasi zinali zitalowa kale pansi pa tepiyo, monga zinazolowera. Anaziyang'ana kanthawi, kenaka anazisolola n'kukoka tepi.

"Tulutsa mpweya, mwanangu. Eya, choncho."

Analemba nambala ndi choko pakhoma. Mumtima ankadziuza kuti mwiniwake ndiye wapempha, ndipo telala satsutsana ndi kasitomala. Diresilo analisoka masiku atatu, ndipo sanasokepo lina lokongola chotero. Msoko uliwonse unali wowongoka, zipi yobisika bwino. Ngakhale mwana wawo wamkazi atabwera kudzatenga kiyi wa kunyumba anafunsa ngati linali la ukwati. Anamuthamangitsa kuti akaphike.

Loweruka holo inadzaza, mafani akuzungulira padenga koma osathandiza kanthu. Bambo wa situdiyo anakhala mzere wachitatu, chipewa chili pabondo. Mkulu wawo wa a Kolasi anakhala chakumapeto, mpango uli m'khosi. Mtsikana wa ku saluni atatulukira, anthu anaimba mluzu asanatsegule n'komwe pakamwa. Wang'oma anawerama n'kunena kuti a Kolasi amusokera mdani wawo zida zankhondo.

Nyimbo zitatu zoyamba zinali zothamanga, zosafuna mpweya wambiri. Koma a Kolasi, ali kumbuyo, ankaona zimene anthu sankaona. Zipi inkakokeka pamsana, mapewa a mtsikanayo ankakwera nthawi iliyonse akapuma, ndipo dzanja lake lamanzere linkapitapita m'mbali ngati likufuna chomasula. Iwo sankadziwa ngati chimene ankamva n'chisangalalo kapena mantha.

Nyimbo ya kalata inayamba. Mtsikanayo anadutsa bwino vesi loyamba ndi lachiwiri. Alamu awo anachepetsa kiyibodi, wang'oma anaika timitengo pansi, holo yonse inati zii kudikira mawu aatali aja. Mtsikanayo anakweza dzanja, nawayamba bwinobwino, koma asanafike pakati mawu ananjenjemera n'kuyamba kuzima.

Apa ndi pamene a Kolasi anadzipweteka okha. M'miyezi yomaliza mkulu wawo asanasiye kuimba, mmero ukamakana, iwo ankalowa mwakachetechete kuchokera kumbuyo, kuwalandira mawuwo pamene aduka n'kuwafikitsa kumapeto, anthu osazindikira. Anachita zimenezo kambirimbiri mpaka pakamwa panazolowera. Tsopano khutu litangomva mawu akugwa, pakamwa panatseguka pokha. Anazindikira ali kale pakati, ndipo woimba sasiya mawu panjira. Anawakoka mpaka kumapeto, aatali kuposa mmene mkulu wawo ankachitira.

Mtsikanayo sanali wopusa. Sanatsitse dzanja, sanatsekenso pakamwa. Anthu anaimirira, ena kukwera pamipando. Bambo wa situdiyo ankagwedeza mutu akuyang'ana diresi lobiriwira. Mkulu wawo yekha ndi amene ankayang'ana kumbuyo, pafupi ndi wang'oma.

Anthu atabalalika, mtsikanayo anawapeza kuseri kwa siteji, thukuta lili kamukamu, n'kuwapempha kuti amutsitsire zipi. Itatsika anapuma ngati munthu wovuulidwa m'madzi, nawagwira manja onse awiri.

"Anti, mwandipulumutsa. Sindikudziwa chinandigwira n'chiyani."

A Kolasi anati zimachitika, kutentha.

Alamu awo anali akukulunga mawaya. Sanadzutse mutu pamene a Kolasi anaima pafupi nawo. Anati bambo wa situdiyo wasangalala, akufuna mwanayo Lachinayi m'mawa, ndipo maiki ya patsogolo yapeza mwini wake.

"Alamu, inu muli ndi makutu. Mukudziwa amene anamaliza nyimbo ija."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake sindingakuchotseni kumbuyoko. Ndikakuikani patsogolo, mawu akakudukirani, adzakulandirani ndani?"

A Kolasi anafuna kunena kuti iwo mawu sawadukira, koma alamu awo anali atawapatsa kale mbali ina ya waya kuti agwire. Anagwira. Bamboyo anapitiriza kukulunga, akuwauza kuti Lachinayi asachedwe, basi yopita kusitudiyo imadzaza msanga.