Dizilo wa seva ndi diso la a Zimba

Sukulu ndinayamba ndili ndi zaka khumi ndi zisanu, ndipo ndinamaliza ndili kale ndi ana awiri. Chaka cha chilala bungwe lina linatsegula depoti yogawira chimanga pa boma la Lundazi. Ndinapita kukapempha ntchito yonyamula matumba, koma mayi Nyirenda, oyang'anira depotiyo, ataona kalembedwe kanga anandikhazika pa kompyuta.

M'chipinda chamkati munali seva, kompyuta yaikulu yosunga mayina a mabanja onse. Ine ndi mnzanga tinkakhala pawindo, aliyense ndi kompyuta yaing'ono yolumikizidwa ku seva ndi waya. Munthu akatchula dzina ndi mudzi ndinkataipa, dzina n'kutuluka pompo, ine n'kumupatsa tikiti ya thumba.

Lachinayi lina a Lungu, katswiri wa ku Chipata, anabwera ndi madisiketi asanu ndi imodzi a pulogalamu yatsopano. Atamaliza kuika anati, "Manje ikumanga indekisi, mndandanda umene umaiuza pamene dzina lililonse lili. Maola atatu. Osazimitsa." Atatero anathamangira minibasi. Magetsi a pa boma anali atazima, ndiye seva inkayendera jenereta.

Mlamu wanga anali atandipempha dizilo wa chigayo chake. Patangotha ola limodzi ndi theka ndinauza mlonda, a Zimba, kuti makina amaliza, azimitse jenereta. Iwo atapita kukadya, ndinapopa dizilo wotsalayo ndi paipi.

M'mawa anthu a ku Magodi ndi ku Chikomeni anali atadzaza pageti, ena atayenda masiku awiri. Magetsi anali atayakanso, ndipo ndinataipa dzina loyamba. Kanyali ka seva kanayaka osazima, disiki ikungolira, mpaka mphindi khumi. Dzina lachiwiri chimodzimodzi. Tinazimitsa kompyuta ya mnzanga poganiza kuti ziwiri zikuilemetsa. Tinasintha waya. Tinafufuta mafayilo akale kuti malo apezeke. Palibe chinasintha, ndipo dzuwa linafika pamutu mzere usanasunthe.

"A Mtonga, pali amene anagwila makina dzulo?" mayi Nyirenda anandifunsa.

"Palibe, mayi."

Kunja kunayamba kumveka zoti tikubisa chimanga kuti tikagulitse. Bambo wina anafika pawindo. "Iwe wa tayi, ana anga adya mango owilitsa sabata yonse. Chavuta n'chiyani, zala zauma?" Mwala unaswa galasi. Kenako geti linagwa. A Zimba anaima pakhomo la nyumba ya matumba ndi ndodo yawo, n'kumenya munthu woyamba pamkono. Anthu anawagwetsa. Ndinawaona akupondedwa m'nthiti, wina akuwakwapula kumaso ndi tcheni cha njinga. Sindinatuluke, ndinalowa pansi pa tebulo. Apolisi atafika, magazi anali atanyowetsa chimanga chotayika, ndipo amayi ena ankatola chomwecho.

Foni ya ku Chipata inapezeka madzulo. A Lungu anandiuza kuti ndiwawerengere kukula kwa fayilo ya indekisi.

"Iyo ni hafu chabe," anatero. "Dzina lililonse seva ikuyamba kufuna kuchokela pamwamba. Ndani anazimitsa?"

Mayi Nyirenda anali ataima pambali panga.

"Jenereta amazimitsa ndi a Zimba," ndinayankha.

Tinafufuta fayilo yodukayo n'kuyambitsanso kumanga. Patatha maola atatu mayina ankatuluka msanga kuposa kale. A Zimba anachoka m'chipatala opanda diso lakumanzere, ntchito itawathera. Ankadziwa bwino amene anawauza kuti azimitse, koma sanauze munthu.

Ndinagwira ntchito ya makompyuta zaka zambiri pambuyo pake. Makina akachedwa ataikidwa pulogalamu yatsopano, sindinkathamangiranso waya. Ndinkayamba ndafunsa chimene chasintha ndi chimene sichinamalizidwe, ndipo wondiyankha ndinkamuyang'ana kumaso, chifukwa tsiku lija yankho ndinali nalo kuyambira pa dzina loyamba. Ndikanalankhula m'mawa, tikanagawa chimanga ndi pepala ndi bolopeni.

A Zimba ankakonza njinga pamsika mpaka tsiku la imfa yawo. Ndikamadutsa ankatembenuza mutu wonse kuti andione ndi diso lotsalalo.

"Monile, a Mtonga. Makina ghali makora?"

Ndinkayankha kuti ali bwino, n'kufulumiza mapazi.