Munda wa Mayi Alesi, Pamene Padadutsa Napolo

Mayi Alesi adayamba kutchola tiyi dengu likuwaposa msinkhu. Adabadwira m'makomboni a esiteti ina ku Thyolo kuno, ndipo sukulu yawo yeniyeni idali mumzere wa tiyi, kumbuyo kwa mayi awo, Mlomwe wosasowa yankho. Kwa mayi amenewo chilichonse chinali ndi mwini wake. Chiperoni chikakuta minda, ankati ndi mpweya wa abale otsala ku Mozambiki, abwera kudzaona ngati ana awo akudya. Phiri likalira mkati nyengo ya dzinja, ankati Napolo akutembenuka, chinjoka chija chogona pansi pa phiri, chimene chikafuna kusamuka chimanyamula miyala, mitengo ndi nyumba mpaka kumtsinje.

"Nanga dziko lidzatha liti, amayi?" adafunsa Alesi tsiku lina, atamva kutchalitchi za moto wa tsiku lomaliza.

"Lidatha kale kangapo, mwanawe. La agogo ako lidatha tsiku lomwe adawoloka Ruo, mphasa ili pamutu. Silitha lonse pamodzi ayi. Limathera uyu, kwa mnzake kukucha bwinobwino. Tchola msanga, a kapitawo awo!"

Alesi atakula adakwatiwa ndi a Elson, odula tiyi, munthu wofatsa mpaka alendo ankaiwala kuti mwini nyumba alipo. Adakakhala cha ku Chimaliro, pa kamunda ka kuchikazi kotsamira phiri. Kanali kakang'ono, koma kadalera ana anayi ndi chimanga, nandolo ndi nthochi. Mayi Alesi adasiya dengu la tiyi n'kulumbira kuti msana wawo sudzalisenzanso.

Namondwe wa mu 2023 atafika, mvula idagwa osapumira. M'mawa wina a Elson adatenga khasu kuti akatsegule ngalande, madzi asakokolole chimanga. Sadatsanzike n'komwe, poti ndani amatsanzika popita kumunda wa kuseri kwa nyumba? Mayi Alesi adangomva chiphokoso ngati malole a tiyi ambirimbiri atsika phiri pamodzi. Potuluka panja, munda kunalibe. Kunali matope ofiira ndi miyala yaikulu ngati nkhokwe.

Amuna a m'mudzi adakumba mpaka manja adatuluka matuza, koma sadapeze ngakhale khasu. Akuluakulu adati aike thunthu la nthochi m'bokosi kuti maliro athe, mayiyo amasuke.

"Ine sindidakwatiwe ndi nthochi," adatero mayi Alesi, ndipo nkhani ya bokosi idathera pomwepo.

Ofotokoza ndiye adachuluka, monga achulukira pa tsoka la mnzawo. Mkulu wa mpingo adati izi n'zizindikiro, mapeto ali pakhomo. Alangizi a zaulimi adati phiri lidametedwa mpala, nanga madzi akadagwira chiyani? Okalamba adati Napolo wasamuka basi, ena mpaka adamva ng'oma zake. Mayi Alesi ankavomera onsewo ndi mutu. Aliyense anali ndi choona chake, koma panalibe ndi mmodzi yemwe wowauza pamene amuna awo agona. Chimenecho n'chimene chinkawadya mtima.

Matope aja atauma adasanduka nthaka yachonde yoti mlimi aliyense n'kumeza malovu. Maungu adamera okha, masamba ake ngati maambulera. Mayi Alesi sadathyoleko ngakhale nkhwani. Adabwerera ku esiteti, nasenzanso dengu adalumbirira lija, imvi zili mbuu, ufa n'kumagula wa pambale. Loweruka lililonse ankabwera ndi mbande za mibawa n'kumabzala pamatope paja, apa ndi apo, popanda mzere. Kwathu kuno kumanda salimako, ndipo mtengo wa kumanda ngakhale wootcha makala amaulambalala.

Anthu adayamba kunong'ona kuti mutu wawo wasokonekera. Amene zidamuwawa kwambiri anali mchimwene wawo, a Bizwick, mwini mbumba, poti ana anjalawo ankakalirira pakhomo pake. Sanali munthu woipa, ndipo zomwe ankanena zinali zomveka. Mvula yotsatira ili pafupi adafika ndi khasu, nawapeza achemwali awo akuthirira mbande.

"Achemwali, akufa sadya chimanga. Munda ndi womwewu, wina mulibe. Muwapha anawa ndi njala chifukwa cha mitengo?"

"Ndamva, achimwene."

"Ndiye tipange chonchi. Mundisonyeze pamene agona alamuwo, tizungulize miyala bwinobwino, tiikepo mtanda. Kwinaku ine ndilime lero lomwe."

Mayi Alesi adatula ndowa. Adayang'ana munda wonse, kuyambira pomwe phiri lidang'ambika mpaka kumunsi kukhwawa, ndipo misozi imene adaikaniza pamaliro opanda bokosi aja idatsika yokha.

"Ndikadadziwa, bwenzi ndikuvutikira munda wonse? Mwina ali uko. Mwina ali pomwe mwaimapo."

A Bizwick adayang'ana mapazi awo. Kenaka adavula chipewa, natula khasu paphewa n'kuligwira m'manja kuti lisakhudze pansi. Adatuluka m'mundamo pang'onopang'ono, akusankha poponda.

Chaka chimenecho ana a mayi Alesi adadyera kwa amalume awo. Mundawo sudalimidwenso.