Peniasi ndi Matabwa Oterera a Amayi Ake

Peniasi, mwana wa mlongo wanga Torika, anabadwa mvula ikugwa, ndipo mvula yomweyo sinaleke mpaka lero, ali ndi imvi kale. Kuno ku chilumba cha Taveuni ukaima malo amodzi kwa ola, ndere zimakumera m'miyendo. Ine ndinaonapo galu akuterera kuchokera pakhonde la abusa mpaka kunyanja ali mtulo.

Ntchito ya Peniasi ndi yosamalira tinjira ta matabwa ta m'nkhalango, todutsa alendo opita ku mathithi. Amayala waya wa khola la nkhuku pa thabwa lililonse n'kukhomerera. Zaka makumi awiri, palibe mlendo anagwapo, ndipo akakuuzani zimenezi amatukumula chifuwa ngati mvula anaipanga yekha.

Koma amene anagwa ndi amayi ake, pa masitepe a nyumba yawo yomwe, n'kuthyoka chiuno. Amayiwo atatuluka m'chipatala, Peniasi anachotsa masitepe aja n'kumanga kamlatho kotsetsereka, kogwirira uku ndi uku. Sabata isanathe kanabiriwira ndi ndere. Torika anakayang'ana ali pakhomo, nabwerera pamkeka. Miyezi inayi osaponda pansi, osapita kutchalitchi, munthu amene wakhala akuyambitsa nyimbo mukwaya kuyambira ali namwali. Anayamba kuonda ndi kusalankhula, ndipo mlongo wanga akakhala chete ndiye kuti zinthu zavutadi.

Loweruka lina Peniasi anabwera ndi mpukutu wa waya uja paphewa. Ndinamufunsa ngati amayi ake ayamba kuikira mazira.

"Momo, inu khalani pamenepo muzimwa tiyi," anatero, pakuti kuno malume timati momo. "Izi n'za odziwa."

Anakhoma tsiku lonse, ndipo ndisaname, inali ntchito yooneka bwino. M'mawa mwake amayi khumi ndi anayi a kwaya anafika kudzatenga Torika, atavala zoyera. Monga mwa ulemu, onse anavula nsapato m'munsi mwa kamlatho, pakuti ndani angakwere nazo pakhomo la munthu? Kenako anaponda waya.

Abale anga, tsiku la Mulungu sitivina, koma tsiku limenelo kunavinidwa. Mayi Salanieta, amene akakwera bwato asodzi amatsitsamo kaye injini, analumpha mpaka kuona denga la nyumba kumwamba kwake. Peniasi anali ataiwala chinthu chimodzi: alendo ake amayenda ndi majombo. Torika nsapato zimamupweteka chibadwire. Anagunda waya ndi chala chachikulu, nati, "Mwanangu, ukufuna undipale ngati chinangwa?" N'kubwereranso pamkeka.

Lolemba Peniasi anazula waya yense, osayang'ana munthu kumaso. Lachiwiri anandipeza pamthunzi ndikupota chingwe cha luzi la kokonati pantchafu, ntchito imene iye amati ndi ya madala osowa chochita. Anakhala pansi, nachigwira, nachipondaponda ndi phazi, nachithira madzi n'kuchipondanso. Kenako anafunsa, mawu ali pansi, ngati ndili nacho chambiri.

Ndinamuuza kuti izi n'za odziwa.

Tinapota masiku anayi, ntchafu zake za m'buluku zija mpaka kusupuka. Anakwecha ndere ndi mchenga, nakulunga chingwe pa thabwa lililonse, mizere itatuitatu, n'kukhoma mfundo kunsi kuti msomali usaonekere kumene kuponda phazi.

Lamulungu kunagwa mvula yoti nsomba zinkabisala. Torika anaima pakhomo, napereka phazi limodzi ngati akuyesa madzi osamba. Analipukusa. Linagwira. Anaponda lachiwiri, natsika pang'onopang'ono, Peniasi akuyenda chobwerera m'mbuyo patsogolo pake, manja ali tambasu.

Atafika pa udzu anaima, napumira m'mwamba, natchera khutu kutchalitchi kumene nyimbo yoyamba inali itayamba kale.

"Tamvani, aiyambira m'mwamba kwambiri," anatero. "Tandipatsa ambulera, iwe, tifulumire asanaiphe."