Kanyumba Kamdima ka Tadala

A Gerishomo anakulira pamadzi. Ali mnyamata ankatha miyezi pa zimbowera, timisasa toyandama timene asodzi a m'Chilwa amamanga ndi udzu wa m'nyanja momwemo, ndipo mbiri ya kufolera kwawo inafika mpaka ku chilumba cha Chisi. Atakwatira a Alefa anatulukira kumtunda, nayamba kulima mpunga kwa Kuntumanji. Mulungu anawapatsa mapasa aakazi, Tadala ndi Rachel, ofanana moti aphunzitsi ankawasiyanitsa ndi ndolo.

Matenda anayamba anawo ali sitandade folo, nyengo yoingitsa mbalame kumpunga. Tsiku lina masana Tadala anasiya kuimba chitini, nayang'anitsitsa bambo ake.

"Ababa, mbali ina ya nkhope yanu palibe. Pangotsala zonyezimira ngati mamba a matemba."

A Gerishomo anadzigwira kutsaya. Pasanapite nthawi mwanayo anali atagwira mbali imodzi ya mutu, akusanza, akulira kuti dzuwa likumubaya m'maso. Mwezi usanathe, Rachel naye anayamba chimodzimodzi.

Anansi ananena zambiri. Ena ankati alipo wawapita pansi, ena ankati awatemere mphini m'litsipa. Koma a Alefa anaumirira zakuchipatala. Kumeneko a dokotala, mayi wofatsa dzina lawo a Getrude, anapima anawo m'maso, anawayendetsa, anawafunsa mafunso ambirimbiri, kenako anati ndi mutu waching'alang'ala. Anafotokoza kuti zonyezimirazo sizichokera m'maso ayi, koma m'bongo, ndipo zimakhala ngati mthenga wa mutuwo. Anapereka mapiritsi oti azimwa mutu ukangoyamba, nachenjeza kuti kumwa tsiku ndi tsiku kumautanso mutu wina. Anawonjeza kuti anawo azigona mokwanira, azimwa madzi, asamapite kudambo ndi njala, ndipo ukawagwira azigona pamdima popanda phokoso.

A Gerishomo anafunsa kuti pa ziwirizi champhamvu n'chiti, mapiritsi kapena zinazo.

"Zimatengera mwana, bambo. Kaonetsetseni, mudzandiuze ndinu."

Anakaonetsetsadi, monga ankaonera mphepo panyanja. Zimene anaona zinawadabwitsa. Rachel akamwa piritsi msanga, ankagona pang'ono pamkeka, kenako n'kudzuka kukasewera fulaye ngati si yemwe uja. Akachedwa kumwa, ngakhale agone chotani, ankavutika mpaka madzulo. Tadala ayi. Piritsi linkabwerera lisanakhazikike m'mimba, ndipo likakhazikika linkangochepetsa pang'ono. Chimene chinkamuchiritsa chinali tulo. Koma nyumba yawo yamalata masana inkatentha ngati uvuni, kuwala kukulowa m'timabowo ta misomali.

Ndiye bamboyo anatenga chikwakwa, napita kunyanja kukamweta udzu. Kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango, anamanga kanyumba kakang'ono. Anakafolera mothithikana moti ukalowa masana sunkaona dzanja lako, koma kamphepo kankadutsa m'munsi. Anaikamo mkeka, mtsuko wa madzi ndi kansalu konyowetsa kuika pachipumi.

Tadala anaphunzira kumvera mthenga wake. Zonyezimira zikangoyamba, ankasiya chilichonse n'kunena kuti, "Zabwera, ababa." Ankamwa madzi, n'kulowa. Nthawi zambiri ankatuluka dzuwa litapendeka, maso ali mbee, akupempha mbatata. Masiku ena mutuwo unkakana, n'kumutsatira mpaka mawa lake, koma masiku otero anachepa, makamaka a Alefa atayamba kuwapatsa phala asanapite kumpunga.

A Gerishomo sanazolowere. Ankaima panja pa kanyumbako, chipewa chili m'manja, akudzifunsa kuti m'kamutu kakang'ono chotere mungachite bwanji mphenzi yopanda mtambo, n'kudzakata yokha mwana ali m'tulo. Ankadabwanso kuti ana a mimba imodzi, oyamwa bere limodzi, odwala nthenda imodzi, mmodzi n'kuchira ndi kambewu koyera kochokera kutali, wina ndi mdima wa udzu wa m'Chilwa.

Atabwerera kuchipatala anawauza a Getrude zonse. Mayiwo anamvetsera mpaka kumapeto, nati zonse ziwirizo ndi mankhwala, asataye chilichonse, chifukwa thupi la mwana limasintha akamakula.

Zinaterodi. Anawo atafika kusekondale, mutu wa Rachel unayamba kubwera mwa apo ndi apo, pamene Tadala, a dokotala atamusinthira mapiritsi, anayamba kuthandizika nawo akaphatikiza ndi tulo.

Chaka chatha a Kassimu, ogulitsa nsomba zouma ku Kachulu, anabwera kudzapempha kuti awamangire kanyumba kotero, poti mwana wawo amadandaula mutu. A Gerishomo anavomera, koma anati ayambe apita naye kuchipatala, chifukwa mitu ndi yambiri ndipo ina si yogonera. A Kassimu anapita naye Lolemba. Lachitatu m'mamawa a Gerishomo ndi a Kassimu anali m'bwato, akupalasa kulowera kumene kuli udzu wautali.