Dzina la Azakhali pa Belo la Fodya

Fungo la fodya wouma m'chigafa limandikumbutsa malemu azakhali anga a Felesiya, alongo awo a bambo. Zaka zambiri anali atenanti pa esiteti ina cha ku Madisi, kukhetsera thukuta fodya wopita ku okushoni m'dzina la bwana. Amuna awo atamwalira, anabwerera kwathu kumapiri a Kasakula. Inali nthawi ija zipani zitangochuluka, sukulu ili yaulere, alimi wamba akulima fodya wa bale wawowawo.

Kukalabu ya alimi aliyense ankalemba dzina pa belo lake, koma azakhali kulemba sankakudziwa. Bambo anawauza kuti asavutike, pa mabelo awo padzalembedwa dzina la bambowo, poti fodya ndi nkhani ya amuna.

"Achimwene, ndatuwa kokwanira ndi maina a eni," anatero azakhali. "Ulendo uno ayi."

M'mawa mwake ananditsatira kusukulu n'kukhala nafe pansi pa mkuyu, sitandade wani. Mayo ine, manyazi ake! Miyendo yawo inatambalala mpaka mzere wakutsogolo, zala zili bii ndi utomoni wa fodya. A-e-i-o-u ankamuimba ngati ali pa chimtali, kalasi yonse n'kufa nazo nseko, iwonso n'kumaseka nawo. Dzinja lonse analemba padothi lonyowa ndi kamtengo, ine ndikuwakonza modzitukumula ngati mphunzitsi.

Mvula itatha, kamphepo kozizira katayamba, linafika tsiku lodinda mabelo. Jeke wopanikizira fodya analira, fumbi la fodya likutiyetsemulitsa, ziguduli zinasokedwa. Bambo anatola burashi ndi kachitini ka penti, koma azakhali anangotambasula dzanja n'kulandira burashiyo. Anagwada, lilime lili panja, n'kuyamba kulemba dzina lawo. Zilembozo zinatuluka zikuluzikulu, zopendekera, zodzaza mbali yonse ya belo. Bambo anawerenga mokweza, kenako anavula chipewa.

"Fodya ndi wanu uyu, achemwali."

Amayi anaimba nthungululu mpaka nkhuku kubalalika, azakhali akuvina mozungulira belo, penti ali m'zigongono. Ndinakondwa mpaka misozi.

Kusukulu sanapondekonso. Ine ndinapumira m'mwamba, ndipo anzanga akafunsa ndinkati sukulu yawakanika. Lero ndikudziwa kuti m'kalasi yonse ija, woyamba kumaliza sukulu anali iwowo.